Chiboda cha Mbuzi ya Amama

Kwathu ku Chifunda, munthu akapha mbuzi yoti ayende nayo ulendo, sadula ziboda zonse. Pamwendo umodzi amasiyapo chiboda ndi kachikopa kake kaubweya, ndipo mwendo umenewo ndi umene umakhala pamwamba pa nyama yonse. Musaganize kuti ndi mwambo wa makolo. Makolo athu akanaseka mpaka kugwira nthiti atamva zoterezi. Mwambowu anatiphunzitsa ndi anthu a mfuti amene amatchinga misewu m'chigwa cha Luangwa, kufunafuna nyama ya m'tchire. Nyama ikawambidwa pamoto, ya mbuzi ndi ya nswala zimafanana, ndiye munthu wakuda akapezeka nayo, zimene anganene ndi pakamwa pake sizimveka. Amene amamuyankhulira ndi chiboda.

Ine zonsezi ndinkazidziwa. Ndinabadwira momwemo, ndinakula ndikuona adada akukonza mwendo wa mbuzi mosamala ngati akukonza chitupa. Koma ndinali nditapita ku koleji m'tauni, n'kubwerako ndili mphunzitsi, ndipo ndisabise, sukulu inali itandikwera kumutu. Ndinali ndi kadi ya ntchito ya boma yokhala ndi chithunzi changa, ndipo ndinkakhulupirira kuti kadiyo inandichotsa m'gulu la anthu amene amatsitsidwa m'galimoto n'kununkhizidwa katundu.

Chaka chimenecho amama anadwala m'mimba kwa miyezi, mpaka anawatengera kuchipatala cha ku boma, ku Chama. Ndi kutali, msewu wake wodzera ku Chikwa ndi ku Tembwe, wa fumbi ndi mchenga. Anapita ndi mng'ono wawo, amama aang'ono, kuti aziwadwazika. Adada anatsala, osati chifukwa cha kuuma mtima, koma chifukwa cha nkhokwe. Nthawi ya chilimwe njovu zimabwera m'mudzi kudzagwetsa nkhokwe, ndipo chimanga cha chaka chonse chimatha nthawi yochepa chabe. Njovu ikakudyera chimanga, palibe amene amabwera ndi mfuti kudzakufunsa kuti wapwetekedwa bwanji. Koma iwe ungoyerekeza kuiponyera mkondo, magalimoto amafika tsiku lomwelo.

Foni kwathu imagwira pachulu chimodzi cha kuseri kwa sukulu. Tsiku lina masana ndinakwera pachulupo, ndipo amama aang'ono anandiuza kuti zinthu sizinali bwino. Odwala anali atasiya kudya. Ankangofunsa amuna awo, komanso ankati akulakalaka msuzi wa mbuzi yawo.

"Uwauze alamu asachedwe," anatero amama aang'ono. "Wandimva? Asachedwe."

Amama anali ndi mbuzi yawoyawo, yakuda ya mawanga oyera, yakuba kwambiri, imene ankaitukwana tsiku lililonse koma osalola munthu wina kuigenda. Adada atamva uthengawo anapempha mnansi kuti aziyang'anira nkhokwe, anagwira mbuzi ija, anaipha, n'kuiwamba madzulo omwewo kuti isaonongeke ndi kutentha. Pamwendo wakutsogolo anasiyapo chiboda ndi chikopa chakuda cha mawanga oyera. Palibe nswala ya mtundu umenewo m'chigwa monse, ngakhale mwana wa sukulu angakuuzeni. Anaika nyamayo m'thumba la saka, mwendo uja pamwamba.

M'mawa, adada ali kubafa, ndinaliyang'ana thumba lija ndipo manyazi anandigwira. Linali lakuda ndi utsi, mafuta atadontha, ntchentche zitayamba kale msonkhano. Ndinaganiza za anamwino ovala zoyera, ena mwa iwo amsinkhu wanga, akutiyang'ana tikulowa m'wodi ndi saka yotuluka chiboda. Ndinali ndi chidebe changa choyera chokhala ndi chivindikiro, chimene ndinagula m'tauni. Ndinasamutsiramo nyama yonse, koma chivindikiro chinakana kutseka chifukwa cha mwendo uja. Ndinatenga chikwanje, ndinadula chibodacho pamodzi ndi chikopa chake, n'kuponyera agalu. Chidebe chinatseka bwinobwino, ndipo ine ndinadziona wanzeru. Adada atatuluka anayamikira chidebecho kuti n'chaukhondo, ndipo sindinawauze kanthu. Paja amati safunsa anadya phula, koma phula langa anadya ndi munthu wina.

Tinakwera lole yonyamula matumba a mpunga, ife pamwamba pa matumbawo pamodzi ndi anthu ena ambiri. Adada anavala jekete lawo la ku tchalitchi ngakhale kuti dzuwa linali loswa mtengo. Ndinawaseka kuti akapsa ngati mbatata, iwo n'kundiyankha kuti mkazi wawo sanawaone milungu itatu, sangakamuonekere ngati munthu wochokera kudimba. Njira yonse chidebe chinali pamiyendo pawo, atachikumbatira.

Titayenda maola angapo tinapeza msewu atautchinga. Panali migolo iwiri, mtengo wautali atauika chopingasa, ndi msasa wa masikauti, alonda a nyama aja, chapatali pang'ono pansi pa mitengo ya tsanya. Panali masikauti awiri ndi wapolisi mmodzi. Tonse anatitsitsa. Anatiimika pamzere padzuwa, aliyense katundu wake patsogolo, n'kuyamba kumasula. Anamasula mitolo ya amayi, anapisa manja m'ufa, ananunkhiza mapoto, anatambasula ngakhale matewera a mwana. Palibe amene anadandaula. Anthu a kwathu anazolowera moti ena amayamba kumasula okha lole isanaime.

Wapolisi uja anafika pa adada. Anali mnyamata woti akanatha kukhala mwana wawo, wolankhula Chinyanja cha m'tauni.

"Ba mudala, muli chani umu?"

"Ni mbuzi, bwana. Nipeleka ku bodwala ku chipatala."

"Segulani."

Adada anatsegula mosatekeseka, mwina n'kumwetulira komwe. Anapisa dzanja kuti atulutse mboni yawo. Anatulutsa mwendo uja, n'kuutembenuza, n'kuuyang'ana kumapeto kumene kunali fupa loyera lodulidwa ndi chikwanje. Anapisanso dzanja mpaka pansi pa chidebe, n'kufufuza nthuli imodziimodzi. Kenaka anatembenuka n'kundiyang'ana. Sanakwiye, sanandifunse. Anangondiyang'ana kamodzi, n'kubweza maso.

"Manje chiboda chili kuti?" anafunsa wapolisi.

Ndinatulutsa kadi yanga ija, ndinayamba kufotokoza kuti ndine mphunzitsi, kuti mbuziyo ndi ya amayi anga, kuti amene wadula ndi ine. Adada anandidula mawu mokweza, chinthu chimene sankachita pagulu.

"Uyu mwana saziba kanthu, bwana. Nyama ni yanga, napaya neka, nadula neka. Nayibala chabe, ni ukote, nakalamba."

Ndinamvetsa chimene ankachita. Wantchito wa boma akagwidwa ndi nyama ya m'tchire, ntchito imathera pomwepo, mlandu usanaweruzidwe n'komwe. Adada anagulitsa thonje zaka zambiri kuti ine ndikhale ndi kadi imeneyo. Wapolisi anaiyang'ana kadiyo ngati akuyang'ana tsamba louma, n'kundibwezera. Mmodzi wa masikauti ananunkhiza nthuli imodzi, n'kunena motsimikiza kuti imeneyi ndi nyama ya musanga, ndiye kuti ya m'tchire. Anawauza adada kuti avule nsapato akhale pansi.

Munthu wa imvi, mkulu wa mpingo, amene sanabepo ngakhale dzira la nkhanga, anakhala pafumbi ndi jekete lake la ku tchalitchi, nsapato zili pambali. Anthu a m'lole amene ankawadziwa anayesa kuwachitira umboni. Mayi wina anati mbuziyo ankaidziwa, inamudyerapo mbatata zake kawiri. Anauzidwa kuti atseke pakamwa ngati sakufuna kutsala nawo.

Tili pomwepo tinamva galimoto ikubwera kumbuyo kwathu. Inali yopanda denga, ya alenje a ku msasa wa azungu. Kutsogolo kunali azungu awiri, ofiira ndi dzuwa, mfuti zawo zitaimikidwa poyera. Kumbuyo kunali mutu wa njati, nyanga zake zitatulukira mbali zonse, ndi mulu wa nyama wofunditsidwa lona, magazi akudontha m'msewu. Antchito awo akuda anakhala m'mphepete atagwirira zitsulo. Wapolisi uja anatisiya n'kuthamanga. Anathamangadi, chipewa atachigwira ndi dzanja kuti chisagwe, n'kukweza mtengo uja galimoto isanachepetse n'komwe liwiro. Anaima njo, n'kuchita sawasha. Mzungu mmodzi anakweza zala ziwiri, winayo anatiloza ndi foni yake, ndikhulupirira ankatijambula. Fumbi lawo linagwera mu ufa wa amayi aja umene unali udakali chitsegulire, linagweranso m'chidebe changa choyera.

Magazi anga anawira. Ndinaiwala mantha, ndinaiwala ulemu.

"Nanga baja? Simunaone nyama? Simunaone na magazi?"

"Baja ni balendo, ba madamu. Bali na mapepala."

"Mwayaona mapepala? Mwabafunsa?"

Anandiyang'ana ngati ndapenga, kenaka anaseka, masikauti aja n'kumuthandiza kuseka.

"Imwe ba madamu, mwati ndimwe ba ticha? Muzungu angabe nyama?"

Mawu amenewo ndimawamvabe mpaka lero. Ndikudziwa, musandiuze, kuti alenje aja amalipira ndalama zambiri ndipo mwina mapepala anali nawodi. Nkhani yanga si imeneyo. Nkhani yanga ndi yakuti palibe amene anawafunsa. Palibe anakweza lona lija kuti aone ngati pansi pake panali njati imodzi kapena nyama zitatu. Khungu lawo linawayankhira ali patali, pamene adada anga, obadwira m'chigwa chimenechi, amene makolo awo anagona m'dothi lomweli, ankafunika phazi la mbuzi kuti liwachitire umboni. Ndipo chimene chimandiwawa koposa n'chakuti amene ananena mawuwo anali wakuda ngati ine, milomo yake itang'ambika ndi ludzu lomwe linkatiwotcha tonse. Sanabadwe akudziwa zimenezo. Alipo amene anamuphunzitsa kuti pamsewu uwu wakuba amaoneka motani, ndipo iye anakhoza bwino phunzirolo. Amati mlendo ndi mame, koma mame a kwathu kuno sauma, ndipo eni nthaka ndi amene timayenda chonyang'ama kuti tisawaponde.

Ndinapitiriza kulalata mpaka wapolisi anasiya kuseka.

"Mufuna munkhale na imwe? Malo yaliko."

Apo adada anandiitana. Analankhula m'Chisenga chathu, motsitsa mawu, kuti ndisiye phokoso ndikwere lole, chifukwa amayi anga sangadikire anthu awiri n'kusowa onse. Anati ndikawauze kuti akubwera. Anawapempha apolisi kuti andipatseko nthuli ziwiri zokha za odwala, koma anakana, amvekere nyama yonse ndi umboni. Woyendetsa lole anali atayamba kale kuliza hutala. Ndinakwera. Lole ikunyamuka ndinawaona akuwatsogoza adada kumsasa wa masikauti uja, nsapato zili m'manja.

Ndinafika kuchipatala dzuwa litapendeka. Amama anali atatha, mikono ngati timitengo, koma maso anali akuthwa monga kale. Nditalowa sanandiyang'ane ine. Anayang'ana kumbuyo kwanga, pakhomo, n'kudikira.

"Awuso ali kuti?"

Ankafunsa za adada. Ndinanama. Ndinati lole inadzaza, abwera mawa ndi nyama. Anandiyang'anitsitsa nthawi yaitali, chifukwa mayi ameneyu sindinathe kumunamiza chibadwire, koma analibe mphamvu zondipanikiza. Amama aang'ono ndinawauza zoona tili panja, ndipo anangogwira pakamwa.

M'mawa mwake ndinayendayenda m'maofesi a pa boma. Ofesi ina inanditumiza ku ina. Kwina anandiuza kuti nkhaniyo sinawafike, kwina anati mkulu woyenera kuiona nyamayo ali m'tchire, waperekeza alendo osaka, ndidikire. Ndinapempha kuti mwina angowabweretsa adada ku selo ya pa boma, kuti ndikachondelere awaperekeze kuchipatala ngakhale ali m'maunyolo. Anati galimoto ilibe mafuta. Aliyense anandilankhula mwaulemu, ba madamu, ba madamu, ndipo palibe anadzuka pampando.

Amama aang'ono anagula nyama ya mbuzi kumsika n'kuphika msuzi. Tinawadzutsa odwala, ndinawamwetsa ndi supuni. Analawa kamodzi n'kutembenuza nkhope.

"Iyi si mbuzi yanga."

Kenaka anandipempha kuti ndiwapese tsitsi ndi kuwamanga duku lawo la chigwirizano cha amayi a mpingo, kuti amuna awo asawapeze ngati munthu wotayika. Ndinawapesa. Chitseko chikangolira, ankatembenuza mutu. Analowa namwino, analowa wogulitsa nthochi, analowa mbusa wa odwala ena, ndipo nthawi iliyonse mutu uja unkatembenuka n'kubwereranso. Cha m'ma fili koloko masana unasiya kutembenuka. Anamwalira nkhope italoza kukhomo, duku lili bwinobwino.

Sindinalire nthawi yomweyo. Ndinali ndi ukali woti ndikanatha kugwetsa khoma, ndipo sindinkadziwa kuti ndiuponyere ndani. Ndinkati ndikwiyire wapolisi uja, chithunzi cha chikwanje changa chinkabwera. Ndinkati ndidzikwiyire ndekha, ndinkaona mtengo uja ukukwera msangamsanga, ndi magazi a njati akudontha m'msewu. Inde ndinalakwa, ndinadula chiboda chifukwa cha matama. Koma ndi dziko lotani limene mwamuna amalephera kutsanzikana ndi mkazi wake wa zaka zonsezi chifukwa chakuti agalu anadya phazi la mbuzi?

Kumsasa kuja foni sigwira, ndiye panalibe njira yowauzira adada. Tsiku lachitatu anthu a mpingo wa pa boma anatithandiza bokosi ndi kagalimoto kotsegula kumbuyo. Amayi anayi a chigwirizano anatiperekeza, atakhala mozungulira bokosi, akuimba nyimbo za maliro njira yonse. Tinadutsa ku Tembwe, tinadutsa ku Chikwa, anthu m'mphepete mwa msewu akuvula zipewa.

Adada ndinawaona tili patali. Anakhala pansi pa mtengo wa tsanya, pafupi ndi migolo ija, jekete lili pathupi, chidebe choyera chili pambali. Ndinamva pambuyo pake kuti anawamasula m'mawa womwewo. Mkulu woona nyama uja anabwera, n'kunena kuti nyamayo aiyeza ndipo apeza kuti ndi mbuzi. Chidebe anawabwezera chopanda kanthu, chotsukidwa bwino. Anaiyeza ndi mano, anthu osowa manyazi, ndipo panatenga masiku awiri kuti mimba zawo zigamule mlandu. Palibe anapepesa. Anangowauza kuti ulendo wina asadzaiwale chiboda. Ndiye adada anakhala pamenepo kuyambira m'mawa, kudikira galimoto iliyonse yopita ku boma kuti akaone mkazi wawo.

Ife tinkachokera mbali imene iwo ankafuna kupita, choncho poyamba sanatilabadire. Kenaka nyimbo inawafika. Anakweza mutu. Anaona maduku oyera, anaona amama aang'ono, anandiona ine. Anaimirira pang'onopang'ono, atagwira tsinde la mtengo.

Mtengo wotchinga msewu unali pansi, ndipo galimoto yathu inaima. Wapolisi yemwe uja anatuluka pamthunzi akukoka miyendo, osayang'ana bwino, n'kufunsa mwachizolowezi.

"Mwanyamula chani?"

Atafika pafupi anaona bokosi, ndipo nyimbo inaleka. Anandizindikira. Anatembenuka n'kupeza adada ataima kumbuyo kwake, chidebe chili m'manja. Nkhope yake inagwa, anavula chipewa, n'kuyamba kubwerera chambuyo kuti akakweze mtengo. Adada anamugwira mkono, osati mwamphamvu.

"Yayi, bwana, osafulumila. Gwilani nchito yanu. Segulani muone."

"Ba mudala, pepani, sininazibe kuti..."

"Segulani. Uyu ni mukazi wanga. Mendo yake yonse yabili yalipo, sitinadule. Muone mweka, kuti mailo musakambe ati tinapitisa nyama ya musanga."

Sanakweze mawu ngakhale pang'ono. Masikauti aja anayang'ana pansi. Wapolisi anasolola mkono wake n'kupita kukakweza mtengo. Anaukweza pang'onopang'ono, ndi manja onse awiri, osayang'ana aliyense.

Amayi a chigwirizano anasendera kuti adada apeze malo. Anakwera okha, anakana dzanja langa, n'kukhala pambali pa bokosi, chakumutu, chidebe chopanda kanthu chili pamiyendo. Galimoto itanyamuka amayi aja anafuna kuyambanso nyimbo, koma amama aang'ono anawagwira kuti adikire, chifukwa adada anali atayamba kulankhula. Anaika dzanja pachivindikiro cha bokosi, n'kuwerama, n'kumawafotokozera amama m'Chisenga chifukwa chimene anachedwera, monga munthu amene wabwera mochedwa kuchokera kumunda. Anawauza kuti mbuzi ija anaipha, inali yonona, nkhokwe anasiyira mnansi, jekete anavala lija amalikonda. Ine ndinali kumapazi, ndikumva liwu lililonse, ndikudikira kuti afike pa ine. Atafika pa chiboda anaima kaye pang'ono, kenaka anawauza amama kuti anachidula ndi iwo.